Maola awiri pa Chia m'boti lopanda injini

Pa mlatho wa Chia ndakhala ndikudutsapo kuyambira ndili mtsikana wa ku sekondale. Minibasi ikangoima, mazenera onse amadzaza ndi chambo chotungidwa pa mlaza, munthu n'kunenerera mtengo, kondakitala n'kukoloweka nsombazo kunja kuti zizipitidwa mphepo, ulendo n'kupitirira. Madzi a thamanda la Chia amene nsombazo zimachokera ndinkangowaonera patali akunyezimira kumadzulo kwa msewu. Ndili ndi zaka 46 tsopano, ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale konkuno ku Nkhotakota, koma boti pa Chia ndakwera koyamba mu Ogasiti wapitayu.

Anayambitsa ndi amayi. Achimwene anga ndi wansembe, akuchita maphunziro ku Rome, ndiye anabwera kutchuthi. Tsiku lina madzulo tili pakhonde ankationetsa zithunzi za pa foni za ulendo umene anapita ndi anzawo ku Venice, mzinda wa ku Italy womangidwa pa tizilumba 118, kumene m'malo mwa misewu muli ngalande za madzi. Pa chithunzi china anakhala m'bwato lakuda bii, kumbuyo kwawo kutaima mnyamata wa malaya amizeremizere atagwira nkhafi yaitali. Amayi anachiyang'ana nthawi ndithu, kenako anati, "Mwanawe, ulendo wonsewo kukakwera bwato? Nanga Chia unamuona?" Achimwene anavomera kuti sanamuone. Inenso ndinavomera. Loweruka lotsatira tinanyamuka anthu anayi: amayi, achimwene, ineyo ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka 11.

Kuchokera pa boma kufika pa Chia ndi makilomita pafupifupi 24 kulowera ku Salima pa msewu wa M5. Kumene tinapitako kunalibe ofesi kapena chikwangwani. Mphunzitsi mnzanga anangondipatsa nambala ya mnyamata wina amene amapezera alendo maboti, ndipo tinagwirizana pa foni K25,000 kwa maola awiri. Iye ankatikankhira ku boti la injini, ati tikafika patali, koma achimwene anakaniratu. Anati akufuna nkhafi basi.

Ndiyambe ndi zimene zinandikhumudwitsa, chifukwa zinachitikanso koyambirira. Tinapangana 6 koloko m'mawa, ife tinafika nthawi yake, boti linakocheza 7 koloko ili pafupi kukwana. Amayi ali ndi zaka 74, ndipo pa dokopo panalibe benchi kapena chimbudzi, moti anakhala pa bwato lakutha lovundikira akunjenjemera ndi kamphepo ka m'mawa. Mnyamata uja atafika anabwera ndi nkhani yatsopano yoti majekete oyandamitsa munthu pamadzi ali ndi mtengo wakewake, K10,000. Pa foni sanatchule zimenezo. Majeketewo analinso awiri okha, ife tili anayi, ndipo limodzi linali loduka lamba, lomangira chingwe cha nayiloni. Tinakangana pang'ono, tinathera pa K5,000, jekete labwinolo n'kuveka mwana, linalo amayi. Ine ndi achimwene tinakwera opanda kanthu, ndipo ine sindidziwa kusambira. Ndinalakwitsa kuvomera. Aliyense wowerenga izi afunsiretu pa foni kuti majekete alipo angati, ndipo akapeza kuti ndi osakwanira abwerere kwawo ndi ndalama yake. Madzi sachita chibale ndi munthu.

Mtima unayamba kutsika opalasawo atatsika m'boti. Anali bambo achikulire ndithu, a zaka za m'ma 60, ovala kofiya yoyera, manja awo ouma ngati khungwa. Kutsogolo kunali mdzukulu wawo, mnyamata wa zaka mwina 18. Asanayang'ane wina aliyense analunjika kwa amayi, n'kunyonyomala. "Mwadzuka bwanji mayi? Pepani takusungani pamphepo, timaonjola matchera." Kenako anaika thabwa kuchokera pa mtunda kufika pa boti kuti pasapezeke woponda m'madzi. Anati m'madzi odekha a m'bango ndi mmene mumakhala nkhono za likodzo, mlendo asamangovuvula. Anatikhazika mmodzimmodzi, akutiyeza ndi maso: achimwene pakati, amayi ndi ine mbali iyi ndi iyi, mwana pansi pafupi ndi mapazi awo. "Dzanja m'madzi ayi, mfumu. Muno muli eni ake." Mwanayo anamva kuti akunena ng'ona, ndipo manja anawapinda mpaka pobwerera.

Mwana wanga ankafunitsitsa bwato lenileni losema, ndipo anakhumudwa ataona boti la matabwa. Bambo aja anamufotokozera bwino. Bwato la kunyanja kuno lili ndi kamwa yopapatiza, milomo yake imapindikira mkati kuti mafunde asamalowe, choncho munthu sakhala pansi ngati pa mpando. Umakhala pamwamba pa milomoyo, miyendo mkati, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo thupi lako liyenera kudziwa lokha kutsamira. Wosazolowera akangotembenuka kuti ajambule chithunzi, nonse muli m'madzi. Anatinso mitengo ikuluikulu yosemera mabwato, ngati mbawa ndi mlombwa, inatha kufupi kuno, moti ambiri akusemera mango ndi mitengo ina yofewa imene sichedwa kuwola. Ndinayamba kuyang'anitsitsa mabwato amene tinkakumana nawo, ndipo ambiri analidi ndi zigamba za malata ndi mapulasitiki zomata ndi phula.

Boti lathu nalonso silinali latsopano. Utoto wabuluu unali utasupuka, pansi pankalowa madzi pang'onopang'ono, ndipo mdzukulu uja ankasiya nkhafi nthawi ndi nthawi n'kumakapa ndi chigubu chodula. Mipando ndi matabwa osapala bwino. Tengani chitenje chopinda kapena katsamiro, mudzandithokoza.

Koma titangochoka pa doko, n'kukhota kuseri kwa bango, ndinamva chinthu chimene sindinachimvepo pa Chia: bata. Phokoso la malole a pa mlatho linazilala. Kunatsala kulira kwa nkhafi ziwiri zikulowa m'madzi nthawi imodzi, thabwa likulira pang'ono pamene nkhafi yakhudza, ndi madontho akugwa pamene yatukulidwa. Bambo aja sankamenya madzi. Nkhafi yawo inkalowa ngati mpeni mu papaya, n'kutuluka mopendekeka, boti n'kumangoyenda mowongoka. Mdzukulu wawo ankapereka mphamvu, iwo ankapereka njira. Sindinawamve akulamula kanthu. Akafuna kukhota ankangogogoda kamodzi pa thabwa ndi chala, mnyamatayo n'kusintha mbali.

Chifukwa cha batalo mbalame sizinkatithawa. Tinalowa pa malo ena odzaza masamba a kakombo, maluwa ake akungoyamba kutseguka, ndipo pamasambapo pankayenda kambalame kofiirira, ka khosi loyera ndi zala zazitali ngati za kangaude. Kanali pafupi moti mwana wanga anaona mphumi yake yobiriwira ngati mtambo. Bambo aja anasiya kupalasa, boti n'kumangoseseleka lokha. Atchete anali pa ntchito yawo m'bango, zisa zili lendelende pamwamba pa madzi. Akakowa anaima m'madzi osaya ngati anthu odikira basi. Patsogolo panadzuka gulu la zipweyo zikuimba mluzu, zinazungulira kawiri n'kuteranso pomwepo. Nkhwazi tinayamba taimva tisanaione, kenako bambo aja analoza ndi mlomo ku mtengo wouma, ndipo zinali ziwiri, imodzi itapinda mutu kumbuyo ikulira. Achimwene anatulutsa foni, anaiyang'ana, n'kuibwezeranso m'thumba.

Tili pomwepo panadutsa boti la injini chapatali, litanyamula matumba ndi njinga. Mphindi imodzi yokha, mbalame zonse zija balala, mafunde ake n'kufika kudzagwedeza masamba a kakombo. Pamenepo ndinamvetsa chimene achimwene anakanira injini. Iwo anati ku Venice nakonso anthu amadandaula ndi mafunde a maboti a injini chifukwa amakukuta maziko a nyumba zakale.

Apa ndi pamene bambo opalasa aja anayamba kufunsa, ndipo kucheza kwa anthu awiriwa ndi kumene ndakhala ndikukukumbukira kwambiri. Achimwene anawaonetsa chithunzi chija. Sanachite chidwi ndi nyumba zazitali kapena milatho yoposa 400 imene achimwene ankanena. Anakulitsa chithunzicho ndi zala zawo zouma mpaka pa nkhafi.

"Abambo, munthuyu akupalasa mbali imodzi yokha?"

"Imodzi yokha, madala. Kumanja."

"Ataimirira? Nanga bwatolo silizungulira?"

Achimwene anafotokoza kuti gondola, ndilo dzina la bwatolo, amalipanga dala lopotoka. Ndi lalitali pafupifupi mamita 11, koma mbali ya kumanzere ndi yotambalala kuposa ya kumanja, ndiye kupotokako kumalimbana ndi mphamvu ya nkhafi, bwato n'kumayenda mowongoka. Nkhafiyo imatsamira pa chimtengo chosemedwa mokhotakhota chotchedwa forcola, chimene chili ndi malo angapo oikapo nkhafi malinga ndi zimene wopalasa akufuna, kaya kupita, kaya kukhota, kaya kuima. Bambo aja anakhala chete, akuyang'ana madzi. Kenako anaimirira kumbuyo kwa boti, anagwira nkhafi yawo yaifupiyo mbali imodzi, anayesa katatu, boti n'kuyamba kukhotera kumanzere. Anakhala pansi akugwedeza mutu. "Amene anaganiza zimenezo anali mmisiri. Ife timakonza ndi dzanja, iwo anakonzeratu pa mtengo." Anafunsanso mitengo imene amapangira, ndipo atamva kuti bwato limodzi limalowa mitundu 8 ya mitengo, anafuna kudziwa kuti wolimba kwambiri amauika pati. Achimwene analibe yankho, ndipo analonjeza kuti akafunsa.

Za mtengo wokwerera achimwene ananena monyinyirika: mayuro 90 kwa mphindi 30 masana, ndalama yopitirira K150,000 ngakhale pa mtengo wa kubanki. Mdzukulu uja anasiya kupalasa n'kutembenuka. Koma chimene ine ndinagwira pa nkhaniyo ndi china. Mtengowo amaukhazikitsa ndi akuluakulu a mzinda, aliyense amaudziwa asanakwere, anthu sapitirira asanu m'bwato limodzi, ndipo wopalasa amayenera kuphunzira ndi kukhoza mayeso kuti apatsidwe chiphaso. Zimenezi sizifuna nyumba za miyala ya nsangalabwi. Pa Chia chikwangwani chimodzi cholembedwa mtengo, bokosi la majekete ndi chimbudzi chaukhondo zikanasintha zambiri. Alendo alipo kale. Chibweretsereni njovu pafupifupi 500 ku nkhalango ya Nkhotakota kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, magalimoto a alendo amadutsa pa mlathowu, ena n'kukaima pa boma kuona mtengo umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe mu 1863. Pa Chia amangochepetsa liwiro, ena kugula nsomba, basi. Sadziwa kuti kuseri kwa bangolo kuli thamanda lalikulu kuposa onse m'Malawi muno.

Amayi nthawi yonseyi anali chete. Titafika pakati, pamene mapiri a ku Ntchisi amaonekera bwino kumadzulo, anayamba kulankhula osayang'ana munthu. Anati ali kamtsikana ankakwera bwato ndi bambo awo kukatenga mpunga kwa azakhali awo, iwo atakhala pa mtolo, ndipo bambo awowo ankawauza kuti aziyang'ana kutsogolo kokha kuti asachite chizungulire. Nkhani imeneyi sindinaimvepo chibadwire. Agogo angawo anamwalira ndisanabadwe, ndipo ndinkangowadziwa ngati mlimi wa chinangwa. Bambo opalasa anafunsa mudzi wake, amayi anatchula, ndipo anapezeka kuti akudziwana ndi anthu ena a kumeneko. Kuyambira pamenepo anasiya kuwatchula kuti mayi, anayamba kuti achemwali.

Si zonse zimene tinaona zinali zokondweretsa. Pa malo ena nkhafi inkagunda pansi n'kutuluka ndi matope, ndipo mdzukulu uja anachita kutenga nsungwi yaitali kumakankhira. Bambo aja anati pamenepo ali mnyamata munthu ankamira. Dothi limabwera ndi mitsinje yochokera kumtunda nthawi ya dzinja, poti anthu analima mpaka m'mphepete mwenimweni ndipo mitengo inadulidwa. Tinakumananso ndi anyamata awiri akukoka neti ya udzudzu m'mbali mwa bango. Bambo aja anawalonjera, kenako anawauza mosakweza mawu kuti akupha kasawala, chambo cha mawa. Anyamatawo sanayankhe. Titapitirira anatiuza kuti a komiti ya pa doko, imene amaitchula kuti BVC, amalanda maneti otere, ndiponso pali malo amene anthu anagwirizana kuti pasamaphedwe nsomba kuti ziziswana, koma njala ikavuta mnyumba lamulo limapepuka. Anatisonyeza miono yawo itatu, anavuula umodzi kuti mwana wanga aone mmene nsomba imalowera osatulukanso. Munali makumba awiri ndi kamlamba kamodzi. Kamlambako anakabwezera m'madzi.

Pobwerera tinalowa mu mtsinje umene umalumikiza Chia ndi nyanja yaikulu, n'kudutsa kunsi kwa mlatho. Kwa zaka 30 ndakhala ndikudutsa pamwamba pake. Kunsi kwake kuli kozizira, anamzeze akuuluka kulowa ndi kutuluka, ndipo lole itadutsa pamwamba ndinamva kunjenjemera kwake m'chifuwa. Mwana wanga anakuwa dzina lake kuti amve mawu akubwerera.

Kutsogolo madzi anayamba kusintha. Boti linayamba kudumpha pang'ono, ndipo patali tinkaona nyanja yaikulu itachita thovu loyera. Unali mwera, mphepo ya kummwera imene imavuta miyezi yozizira. Achimwene mtima unali utakwera, anapempha kuti titulukeko pang'ono chabe, tikaone nyanja tili pamadzi. Anati awonjezera ndalama. Bambo aja anazika nkhafi m'madzi, boti n'kuima.

"Abambo, mundikhululukire. Inu mumadziwa za kumwamba, ine ndimadziwa za pano. Ndi majekete awiri, ndi achemwali angawa, ndi mwanayu, sindidutsa apa. Ngakhale mutandipatsa za ku Italy zija."

Analankhula mwaulemu koma sanasiye mpata wokambirana, ndipo anali atayamba kale kutembenuza boti. Achimwene anapepesa. Kwa ine, pamenepo ndi pamene ndalama yathu inagwira ntchito. Munthu amene wagona pamadzi usiku n'kupeza nsomba zochepa, wina n'kumuonetsa ndalama, iye n'kukana chifukwa cha mwana wa eni, ameneyo ndingamupatsenso mwana wanga mawa.

Tinakocheza 9 koloko itadutsa, kutanthauza kuti maola athu awiri anakwana ngakhale tinayamba mochedwa. Dzuwa linali litayamba kuluma, ndipo botilo lilibe denga, choncho chipewa ndi madzi akumwa musaiwale. Ulendowu ndi wa m'mamawa. Mbalame zimakhala zili pa ntchito, mphepo isanadzuke.

Mnyamata wa pa foni uja anali akutidikira pa doko. Ndinamupatsa ndalama yake, ndipo ndinaona ndi maso anga zimene anapatsira opalasawo. Sizinafike theka. Sindikunena kuti wopezera alendo asadye, nayenso amagula mayunitsi ndi kuthamangathamanga, koma amene anatuluka thukuta ndi kutisunga amoyo ndi amene anatenga zochepa. Achimwene anawatsatira bambo aja kuseri n'kuwapatsa ina m'manja. Mukapita, chitani chimodzimodzi, kapena funsani pa doko kuti mulankhule ndi wopalasa mwini wake, mugwirizane naye mtengo pamaso pa anthu musanakwere. Ndipo ngati mukufuna Lachisanu, dziwani kuti opalasa ambiri kuno ndi Asilamu, pofika masana amakhala akupita ku mzikiti.

Tisananyamuke tinagula chambo chinayi pa msika wa pa mlatho, ndipo mayi wina wa kanyumba kodyera chapafupi anatiwotchera ziwiri n'kutiphikira kondowole. Amayi anadya mutu wonse, chinthu chimene sanachite kwa miyezi ingapo chiyambire kudandaula za chilakolako cha chakudya. Ali mkati mosamba m'manja anandiuza kuti ndidzawabweretsenso mvula ikatha, madzi atadzaza, akaone ngati njira ya kwa azakhali awo ija ikadalipo.

Ine ndili ndi ana 62 mu Sitandade 7, ndipo chaka chilichonse ndimawaphunzitsa za nyanja ndi madambo pa bolodi, ndi choko. Ndalankhula kale ndi ahedi. Bambo aja anati boti lawo limatenga ana asanu ndi mmodzi bwinobwino, ndipo anzawo awiri ali ndi maboti ofanana nalo. Chatsala ndi majekete 18 a msinkhu wa ana, ndipo kalata yopempha ndayamba kulemba usiku wathawu.